Mmene Tingazindikirire Wotchi Yakale Yeniyeni

M'nyumba zambiri za kwathu muli sutukesi yakale m'mene akuluakulu amasungiramo zinthu zimene safuna kuti ana aziseweretsa, ndipo pakati pa zinthuzo kawirikawiri pamapezeka wotchi ya pamkono imene inaleka kuyenda kalekale. Mawotchi ambiri otere anadza ndi agogo athu pobwerera kuchokera ku migodi ya ku Johannesburg, kumene iwo ankakutcha ku Joni, ena kuchokera ku Bulawayo ndi ku Salisbury, mzinda umene tsopano ndi Harare. Pakuti masiku amenewo munthu wochokera kuntchito ankadziwika ndi njinga, jekete ndi wotchi. Lero lino kuli anthu ku Ulaya, ku America ndi ku Asia amene amasonkhanitsa mawotchi akale monga momwe ena amasonkhanitsira masitampa, ndipo akapeza imene aikonda amalipira ndalama zambiri. Koma pamene pali ndalama sipalephera kufika onyenga. Tsono m'nkhani ino ndifuna kufotokoza mmene odziwa amayesera wotchi yakale. Kudziwa zimenezi kungatipulumutse ku zinthu ziwiri: kugula chinthu chachabe pa mtengo wa ng'ombe, ndi kutaya chinthu chamtengo wapatali pa mtengo wa nkhuku.

Mafunso Awiri Osiyana

Munthu wodziwa akagwira wotchi yakale amadzifunsa mafunso awiri, ndipo tisawasokoneze. Loyamba ndi ili: kodi wotchiyi inapangidwadi ndi kampani imene dzina lake lalembedwa pankhope pake? Lachiwiri ndi ili: kodi ziwalo zake zonse ndi zomwezo zimene inatuluka nazo m'fakitale? Wotchi ikhoza kupambana pa funso loyamba nkugwa pa lachiwiri.

Chifukwa chake mawotchi akale tingawagawe m'magulu anayi. Gulu loyamba ndi la mawotchi abodza, amene anapangidwa kwina konse nangolembedwa dzina lotchuka. Lachiwiri ndi la mawotchi osanganiza: chigoba chatengedwa ku wotchi ina, makina ku ina, nkhope ku inanso, ndipo ngakhale chiwalo chilichonse pachokha chili chenicheni, ziwalozo sizinabadwire pamodzi. Lachitatu ndi la mawotchi enieni amene anakonzedwapo, mwina nkhope inapakidwanso utoto kapena mivi inasinthidwa pamene mwini wake anapita nayo kwa mmisiri. Lachinayi, limene osonkhanitsa amalifunitsa kuposa onse, ndi la mawotchi amene sanasinthidwe kanthu, angokalamba okha monga akalambira munthu.

Wina angaganize kuti onyengedwa ndi anthu osadziwa okha, koma si tero ayi. Mu November 2021, pa okushoni ya kampani ya Phillips mu mzinda wa Geneva, wotchi ya Omega Speedmaster imene inanenedwa kuti ndi ya 1957 inagulidwa pa ndalama za ku Switzerland zoposa mafranki 3 miliyoni, ndipo woigula anali kampani ya Omega yomwe, pofuna kukaiika m'nyumba yake yosungiramo zinthu zakale. Mu 2023 kampaniyo inalengeza kuti wotchi ija inali yosanganiza ziwalo, ninenanso kuti ena mwa amene anali antchito ake anali nawo m'chiwembucho. Ngati eni ake a dzina ananyengeka chotero, nanga ife? Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lamulo Loyamba: Zaka Zigwirizane

Lamulo lalikulu pa ntchito imeneyi ndi lapafupi kulimvetsa: wotchi siingakhale ndi chinthu chimene pa chaka chake chinali chisanapangidwe. Chotero woyesa ayenera kusunga m'mutu zaka zingapo, monga tisungira zaka pa phunziro la mbiri yakale.

Amuna anayamba kuvala wotchi pamkono mwaunyinji m'nthawi ya nkhondo ya 1914 mpaka 1918, chifukwa msilikali analibe mpata wopisa dzanja m'thumba kuti aone nthawi. Mu 1926 kampani ya Rolex inatulutsa chigoba chosalowa madzi chotchedwa Oyster, ndipo mu 1931 inaonjeza kachitsulo kolemera kozungulira m'kati, kamene kamapukusa wotchi mwini wake akamagwedeza mkono. Mu 1934 kunapezeka Incabloc, kasipuling'i kakang'ono kamene kamateteza wilo logunda kuti lisathyoke wotchi ikagwa pansi. Omega Seamaster inayamba mu 1948, Constellation mu 1952, Speedmaster mu 1957, ndipo Seiko 5 ya ku Japan mu 1963. Wotchi ya pamkono yoyendera kamwala ka quartz inayamba kugulitsidwa pa 25 December 1969, ndiyo Seiko Astron.

Chaka chotsirizachi chimatipatsa mayeso amene aliyense angachite popanda chida. Penyetsetsani muvi wa masekondi. M'mawotchi ambiri a quartz muviwo umadumpha kamodzi pa sekondi nkuima, kudumphanso nkuima. Koma wotchi yopukusa ya zaka za m'ma 1950 kawirikawiri imagunda ka 18,000 pa ola. Gawani nambalayo ndi masekondi 3,600 ndipo mupeza kuti igunda kasanu pa sekondi iliyonse, kotero kuti muvi wake umaoneka ngati ukukwawa ndi timapazi tating'onoting'ono. Muikenso wotchiyo kukhutu, mudzamva kugunda kofulumira. Tsono munthu akakuonetsani wotchi nati ndi ya 1955, koma m'kati mwake muli makina a quartz ndi batire, nkhani yathera pomwepo.

Nkhope

Nkhope ndiyo imanyamula gawo lalikulu la mtengo wa wotchi yakale, ndipo ndiyonso imene onyenga amaigwira kwambiri. Pofuna kuiyesa muyenera kukhala ndi galasi lokuzira zinthu, longa lija timagwiritsa ntchito poona maluwa ndi tizilombo pa phunziro la sayansi, ndipo muiyese masana pa kuwala kwa dzuwa.

Yambani ndi zilembo. M'fakitale zilembo ankazidinda ndi chidindo chosemedwa mwaluso, kotero kuti zimatuluka zoonda, zosongoka bwino m'mphepete, ndi zofanana msinkhu. Wopakanso utoto kawirikawiri amalemba zilembo zonenepa, zina zopendekera, zina zotalikirana mosiyana. Chilembo A chikapezeka kawiri m'dzina limodzi, muone ngati awiriwo afanana. Kenaka onani timizere ta mphindi tozungulira m'mphepete. Tonse tiyenera kukhala 60 tikawerenga ndi malo a maola omwe, totalikirana mofanana, ndipo kamzere ka mphindi yachisanu kayenera kulunjika pakati penipeni pa chizindikiro cha 1 koloko, ka mphindi yakhumi pa chizindikiro cha 2 koloko, chomwecho mpaka kuzungulira. Nkhope yopakidwanso imalephera mayeso amenewa nthawi zambiri. Onaninso m'mbali mwa zizindikiro zachitsulo za maola: ngati utoto wakwera pa izo, ndiye kuti wina anapaka nkhope zizindikirozo zili pomwepo, chinthu chimene fakitale sinkachita. M'munsi mwa 6 koloko, pa mawotchi ambiri a ku Switzerland, pamakhala timawu takuti Swiss kapena Swiss Made. Opaka ena amatiiwala, ena amatilemba mopotoka.

Chinthu china chofunika ndi kufananiza ukalamba wa ziwalo. Nkhope imene yaona dzuwa ndi chinyezi zaka 60 imakhala ndi timadontho, kapena imasanduka yachikasu ngati pepala lakale. Ngati chigoba chili ndi mabala ambiri, mivi yachita dzimbiri, koma nkhope ili mbee ngati yadzulo, muyenera kufunsa chifukwa chake. Munthu wamakwinya thupi lonse koma wopanda imvi ndi imodzi yomwe, timadziwa kuti wadaya tsitsi. Kaonekedwe ka mitundu nakonso kamaulula. Pa intaneti pamagulitsidwa mawotchi akale ambirimbiri otsika mtengo okhala ndi nkhope zofiira, zobiriwira ndi zachikasu zowala, zolembedwa mayina odziwika. Ambiri mwa iwo ndi osanganiza ndi opakidwanso, ndipo mitundu imeneyo kampani yotchulidwayo sinaipangepo pa wotchi yotere.

Chodabwitsa nchakuti osonkhanitsa amakonda nkhope yokalamba yokha kuposa yokongola yopakidwanso. Nkhope zina zakuda zimene dzuwa linazisandutsa zofiirira ngati khofi zimagulidwa pa mtengo wokwera kuposa zinzake zimene zikali zakuda. Wotchi ya Omega ya ku Geneva ija inakopa anthu ndi nkhope yotereyi.

Utoto Wowala Usiku

Apa ndi pamene phunziro lathu la sayansi litithandiza. Pa mivi ndi pa zizindikiro za maola pamakhala utoto umene unapangidwa kuti uziwala mumdima, ndipo utoto umenewu wakhala ukusintha.

Poyamba ankasakaniza utotowo ndi radium, chinthu chimene Marie ndi Pierre Curie anachitulukira mu 1898. Radium imatulutsa cheza chosaoneka chimene chimamenya ufa wa mu utotowo nuwala. Kuopsa kwake kunadziwika mwa njira yomvetsa chisoni. Kuyambira 1917, m'fakitale ya ku Orange, m'chigawo cha New Jersey ku America, atsikana olembedwa ntchito yopaka nkhope za mawotchi ankasongola nsonga ya burashi ndi milomo yao, motero ankameza radium pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Ambiri anadwala mafupa, nsagwada zao zinaola, ndipo ena anafa akali aang'ono. Ena mwa iwo anasumira kampaniyo, mlandu wao nutha mu 1928. Ngakhale zinatero, radium inapitirirabe kuikidwa pa mawotchi mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960.

M'malo mwake munalowa tritium, imene cheza chake ndi chofooka. Opanga a ku Switzerland anayamba kudinda chilembo T pambali pa mawu aja a m'munsi mwa 6 koloko, kapena T<25, kusonyeza kuti pankhopepo pali tritium. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 tritium nayo inasiyidwa, nayamba kugwiritsa ntchito utoto wotchedwa LumiNova, umene ulibe cheza choopsa. Iwo umangomwa kuwala kwa dzuwa kapena kwa nyali nkumakubweza mumdima.

Tsono taonani mmene masamu aululira wonyenga. Mphamvu ya tritium imatsika ndi theka pa zaka 12 zilizonse ndi miyezi ingapo. Patapita zaka 12 itsala theka, patapita 25 gawo limodzi mwa magawo 4, patapita 37 limodzi mwa 8, ndipo patapita pafupifupi 50 limodzi mwa 16. Chotero wotchi ya 1970 siingathe kuwala yokha usiku wonse lero. Mukaiwalitsa ndi tochi mwina inyezimira pang'ono nkuzima msanga. Koma ikawala kwambiri mobiriwira kwa nthawi yaitali, dziwani kuti utotowo ndi watsopano, kapena mivi inasinthidwa. Utoto wakale umasanduka wachikasu kapena wofiirira, ndipo wa pa mivi uyenera kuyandikana mtundu ndi wa pa nkhope, pakuti zonse zinakalambira pamodzi. Wotchi yonenedwa kuti ndi ya 1952 koma yokhala ndi chilembo T pankhope ili ndi nkhope ya m'mbuyo mwake, ngakhale nkhopeyo itachokera ku kampani yomweyo.

Pano ndiyenera kuchenjeza anzanga amene amakonda kutsegula zinthu. Radium siifanana ndi tritium: kuti mphamvu yake itsike ndi theka pafunika zaka 1,600. Wotchi ya 1950 siiwalanso chifukwa ufa wowala uja unapsa, koma radium yake ikalipo pafupifupi yonse. Siinathe ngakhale gawo limodzi mwa magawo 20. Akatswiri amaizindikira ndi chida choyezera cheza chotchedwa Geiger. Musatsegule wotchi yotere, musakande utoto wake, musauzire fumbi lake ndi pakamwa, ndipo musagone nayo pansi pa pilo.

Chigoba

Chigoba ndi thupi lachitsulo limene lisunga makina, ndipo lili ndi nyanga zinayi zomangirapo lamba. Adani ake ndi awiri: dzimbiri ndi wopukuta. Mmisiri akafuna kuchotsa mabala amakhuza chigoba pa wilo lopukutira, ndipo chimene amachotsa si bala lokha koma chitsulo chomwe. Chigoba chochokera m'fakitale chili ndi ngodya zakuthwa, malo ena onyezimira ndi ena amizeremizere. Chopukutidwa kambiri chimakhala chobulungira ngati sopo wotha. Yerekezani nyanga zinayi zija: ngati ina ili yoonda kuposa inzake, wilo linadyapo. Kumbuyo kwa Omega Constellation kuli chithunzi cha nyumba yoonera nyenyezi ndi nyenyezi 8 pamwamba pake, ndipo odziwa amawerenga nyenyezizo. Zikafufutika, amadziwa kuti chigoba chatha.

Za golide tisamale kwambiri, pakuti ambiri anyengedwa ndi mtundu wachikasu. Golide wosasakaniza amawerengedwa makarati 24. Wa makarati 18 ali ndi magawo 18 mwa 24, ndiwo 750 pa 1,000, ndipo chigoba chake chimadindidwa 18K kapena 750. Wa makarati 14 amadindidwa 585, wa makarati 9 amadindidwa 375. Pambali pa nambalazo pamakhala kachidindo ka boma. Ku Switzerland, mpaka 1995, golide wa makarati 18 ankadindidwa mutu wa mkazi wotchedwa Helvetia, wa makarati 14 kanyama konga gologolo; kuyambira chaka chimenecho amadinda mutu wa galu. Ku England chidindo cha nangula chimasonyeza kuti golide anayesedwa ku Birmingham, cha mutu wa kambuku ku London, ndipo pamakhalanso chilembo chosonyeza chaka. Mawotchi ambiri achikasu ndi amkuwa wongokutidwa ndi golide woonda, mwina mamaikuloni 20, ndilo gawo limodzi mwa magawo 50 a milimita. Otere amadziulula m'ngodya, m'mene golide amatha mkuwa nuonekera. Mukaona kumbuyo mawu akuti Stainless Steel Back, tanthauzo lake ndi lakuti chivundikiro chokha ndicho chitsulo chosachita dzimbiri, chigoba chonse ndi chokutira. Wotchi yotere si yabodza ayi. Bodza limadza pamene wogulitsa ainena kuti ndi golide.

Makina a M'kati

Wonyenga angathe kukongoletsa kunja, koma m'kati ndi movuta kunamiza. Chifukwa chake osagula wotchi yamtengo musanaone makina ake. Koma musaitsegule nokha ndi mpeni kapena lumo, pakuti zivundikiro zina ndi zopotera ndipo zifuna chida chake. Pitani nayo kwa mmisiri wokonza mawotchi aitsegule inu mukuona.

M'katimo muone zinthu zinayi. Choyamba, dzina kapena chizindikiro cha kampani chikhale chosemedwa bwino pa makinawo. Makampani ang'onoang'ono ambiri ankagula makina kwa ena nangolembapo dzina lao, ndipo zimenezo zinali zololedwa. Koma Omega, Longines ndi Seiko a zaka zimenezo ankapanga makina ao ambiri okha. Chachiwiri, nambala ya mtundu wa makina igwirizane ndi mtundu wa wotchi ndi chaka chake. Mwachitsanzo Speedmaster inali ndi makina a nambala 321 kuyambira 1957 mpaka cha mu 1968, pamene inalandira a nambala 861. Yomwe Buzz Aldrin anavala poyenda pa mwezi mu July 1969 inali ya 321. Chachitatu, mtundu wa zitsulo ufanane. Makina a Omega a zaka za m'ma 1950 ndi 1960 ndi ofiirira ngati mkuwa watsopano, ndipo chidutswa chimodzi chikasiyana mtundu ndi zinzake, mwina chinachokera ku wotchi ina. Chachinayi, makina adzaze bwino m'chigoba. Mukapeza timakina tating'ono togwiriziridwa ndi mkombero waukulu wa pulasitiki m'wotchi yonenedwa kuti ndi ya 1950, imeneyo ndi yabodza kapena yosanganiza.

Pankhope kapena pa makina mudzaona mawu onga 17 Jewels. Imeneyi ndi timiyala tofiira timene timaikidwa pamene nsonga za mawilo zizungulira, kuti zisathe msanga. Anthu ena amakhulupirira kuti timiyalati ndi chuma, mpaka kunamizira amisiri kuti amatiba. Zoona zake nzakuti ndi topanga m'fakitale, mwa njira imene Auguste Verneuil wa ku France anailengeza mu 1902, ndipo mtengo wake ndi wochepa zedi. Ntchito yake kwa woyesa ndi iyi: nambala yolembedwa pankhope igwirizane ndi yolembedwa pa makina. Nkhope ikati 21 makina nati 17, ziwirizo sizinabadwire pamodzi.

Manambala

Monga wophunzira aliyense ali ndi nambala m'kaundula wa sukulu, wotchi ya kampani yodziwika ilinso ndi nambala yakeyake, ndipo kampani iliyonse ili ndi malo ake oilembapo. Pa Rolex zakale muyenera kuchotsa lamba: pakati pa nyanga za ku 6 koloko pali nambala ya wotchiyo, pakati pa nyanga za ku 12 koloko pali nambala ya mtundu wake. Zolembazo zikhale zozama ndi zoyera. Zikaoneka zamchengamchenga ngati zodyedwa ndi asidi, kaikani. M'kati mwa chivundikiro cha Rolex zambiri za m'ma 1950 ndi 1960 mulinso chidindo chonga II.62, kutanthauza gawo lachiwiri la chaka cha 1962. Chidindochi chimathandiza kwambiri chifukwa cha mu 1954 manambala a Rolex atafika pa 999,999 kampaniyo inayambanso kuwerenga kuchokera pansi, kotero kuti nambala imodzi ingaloze zaka ziwiri zosiyana.

Omega ankalemba nambala ya wotchi pa makina, ya mtundu wake m'kati mwa chivundikiro. Manambala ake anafika pa 10 miliyoni cha mu 1944, pa 20 miliyoni cha mu 1963. Tsono makina a nambala yoposa 20 miliyoni sangakhale a wotchi imene inagulidwa mu 1950. Longines ya ku Saint-Imier yakhala ikulemba nambala ya wotchi iliyonse m'mabuku ake kuyambira 1867. Ya Seiko ndiyo yosavuta kuwerenga. Pa nambala ya kumbuyo, chizindikiro choyamba ndicho nambala yotsiriza ya chaka, chachiwiri ndicho mwezi: 1 mpaka 9 kuyambira January mpaka September, kenaka O, N ndi D pa miyezi itatu yotsala. Nambala yoyamba ndi 7N ikutiuza November wa 1967, 1977 kapena 1987, ndipo mtundu wa makina ndiwo utiuze kuti mwa zaka zitatuzo nchiti. Koma kumbukirani kuti nambala yokha si umboni wokwanira, pakuti wonyenga angathe kukopera nambala yeniyeni pa mawotchi abodza zana limodzi.

Galasi, Chopukusira ndi Lamba

Zitatu izi zimatha msanga ndipo zimasinthidwa kawirikawiri, chotero osonkhanitsa sazidandaula kwambiri. Mawotchi ambiri a m'ma 1950 ndi 1960 anali ndi galasi la pulasitiki lotukuka pakati, limene likagogodedwa ndi chikhadabo silimveka ngati galasi la pazenera. Pa magalasi ambiri a Omega pali kachizindikiro kakang'ono pakati penipeni, kooneka ndi galasi lokuzira lokha. Kachitsulo kopukusira nako kawirikawiri kamakhala ndi chizindikiro cha kampani. Lamba wachikopa sakhala zaka 60, ndipo palibe amene angayembekeze kupeza woyamba.

Mapepala ndi Mbiri

Bokosi, risiti ndi khadi la chitsimikizo zimaonjeza mtengo, makamaka ngati nambala ya pa khadi ifanana ndi ya pa wotchi. Koma pepala ndi losavuta kunamiza kuposa chitsulo, chotero yesani wotchi poyamba, mapepala pambuyo. Mbiri yotsimikizika ya mwini wake ingathe kukweza mtengo modabwitsa. Mu October 2017, ku New York, Rolex Daytona ya Paul Newman, katswiri wa mafilimu amene ankakondanso mpikisano wa magalimoto, inagulidwa pa madola oposa 17 miliyoni. Mkazi wake Joanne Woodward ndiye anampatsa, atalembetsa kumbuyo kwake mawu omupempha kuti aziyendetsa galimoto mosamala, ndipo panali zithunzi zambiri zomuonetsa ataivala. Taonani kuti chimene chinalipiridwa si nthano yapakamwa koma umboni. Wogulitsa akayamba kusimba kuti wotchi inali ya bwanamkubwa kapena ya msilikali wa ku Burma, mufunseni kalata kapena chithunzi. Akapanda kutulutsa, lipirani mtengo wa wotchi yokha.

Malangizo Otsiriza

Kwa wofuna kugula ndinena izi. Musafulumire, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Wogulitsa amene akukukakamizani kuti mulipire lero lomwe chifukwa wina akudikira ndiye woyenera kumuopa. Fananizani wotchiyo ndi zithunzi za inzake ya mtundu womwewo ndi chaka chomwecho. Musadalire chizindikiro chimodzi, koma muone ngati nkhope, utoto, chigoba, makina ndi manambala zonse zikunena chaka chimodzi, monga mboni zisanu zogwirizana pabwalo la milandu. Mtengo ukatsika kwambiri, kaikani katunduyo. Ndipo funsani mmisiri wodziwa, pakuti safunsa anadya phula.

Kwa amene ali ndi wotchi ya makolo kunyumba ndinena zina. Musaipukute ndi mchenga, phulusa kapena mankhwala otsukira mkuwa. Musaiviike m'madzi ngakhale kumbuyo kutalembedwa kuti siilowa madzi, chifukwa mphira wake unauma kalekale. Musaikakamize kupukusa ikakana. Mukapita nayo kokonzetsa, muuzeni mmisiri kuti atsuke makina ndi kuthira mafuta basi, asapake nkhope, asapukute chigoba, ndipo chiwalo chilichonse chimene achotse akubwezereni. Musaigulitse kwa munthu woyamba amene aitchulira mtengo. Funsaninso akuluakulu akali moyo kuti inagulidwa kuti, liti, ndiponso ndi ndani, mulembe zimenezo papepala ndi kusunga pamodzi ndi wotchiyo.

Tisadzinamize kuti wotchi yakale iliyonse ndi chuma. Ambiri mwa mawotchi amene makolo athu anagula anali a mayina onga Roamer, Lanco, Rotary ndi Oris, mawotchi abwino a munthu wantchito amene anapangidwa ochuluka, ndipo ambiri a iwo mtengo wao lero si waukulu. Koma mayeso ake ndi omwewo, ndipo wotchi yotere ikapezeka kuti ndi yeniyeni ndi yosasinthidwa, banja lili ndi chinthu chomwecho chimene gogo wao anagula ndi thukuta lake. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Pa holide ikubwerayi, amene angathe apemphe chilolezo kwa makolo, atenge galasi lokuzira, ayese zimene tafotokozazi, ndipo adzatiuze m'magazini yotsatira zimene adzapeze.

Wophunzira wa Fomu 4